Masabata Anayi a Bambo Utuchi

A Utuchi ali ndi zaka 62. Ali pa banja, mwana ndi mmodzi, ndipo zaka makumi atatu za moyo wawo zathera m'chipinda chopanda zenera, kusamalira mbewa za pa yunivesite. Dzinali anawapatsa ndi alamu awo, mchimwene wa akazi awo, chifukwa madzulo aliwonse ankafika pakhomo ndi utuchi m'mapindiro a thalauza. Linakakamira. Kalata ikabwera kuntchito ndi dzina lawo lenileni, mesenjala amayamba wazungulira nayo maofesi onse kufunsa mwini wake.

Ntchitoyo si yovuta kuifotokoza. Mashelefu achitsulo asanu ndi limodzi, mabokosi apulasitiki 120. Kutaya utuchi wonyowa, kuthira wouma, kudzaza mabotolo a madzi, kuika chakudya ndi kathonje komangira chisa, kuwerenga tiana tobadwa kumene. Ndi Lamlungu lomwe, chifukwa mbewa sidziwa Lamlungu. Malamulo aakulu ndi awiri. Ukachoka pa bokosi ili kupita pa ilo, sintha magolovesi. Ndipo usasambire sopo wonunkhira, popeza mbewa imadziwa mnzake ndi mphuno, fungo lachilendo limaisokoneza. Akazi awo, amene ndi telala ndipo amasokera pakhomo, akhala akuwagulira sopo wopanda fungo zaka zonsezi. Wawo wonunkhira amamuika pa shelefu ina.

Si mbewa za m'nyumba izi. Ndi zakutchire, zochokera kunja, zojintcha, zamchira waufupi, makutu obisika mu ubweya. Chimene anaziitanitsira n'chimodzi: zimatengana. Yaimuna ndi yaikazi zikakhala bokosi limodzi tsiku lathunthu n'kukwerana, basi. Zimagona chogundana, zimalerera limodzi ana, ndipo yachilendo ikayandikira imalumidwa. Pa shelefu yakumapeto pali abale ake, maonekedwe pafupifupi omwewo, koma amenewo akakwerana aliyense amagwira njira yake osacheukanso. A Utuchi ankatchula shelefu imeneyo kuti ya alamu. Alamu awo, okonza mawailesi, anakwatira katatu ndipo pano amadziphikira okha.

Mkulu wawo kuntchito ndi a Dokotala, mayi woyenda chothamanga, amene si dokotala wa odwala koma wa kafukufuku. Iwo ndi amene anawafotokozera, tsiku lina ataimirira pakati pa mashelefu, kuti kusiyana konse kuli mu ubongo. Mbewa zikakwerana, ubongo umatulutsa timadzi: okisitosini, vasopuresini, ndi dopamini, kamene kamachititsa kuti chinthu chikome, ufune kuchibwereza. Mu mbewa zotenganazo, mbali ya ubongo yomva kukoma ili ndi timakomo tambiri tolandirira timadzito, ndiye kukomako kumamatirira ku fungo la mbewa imodzi. Mwa abale ake aja timakomo n'tochepa pamenepo. Ukatseka timakomoto ndi jakisoni zisanakumane, zambiri sizisankhanso.

"Koma sizophweka choncho," ankawonjezera a Dokotala nthawi zonse. "Ena anabadwitsa mbewa zopanda khomo la okisitosini, zinatenganabe. Sitinamvetse zonse."

Mawu owonjezerawo a Utuchi sankawasunga. Iwo ankasunga manambala.

Manambalawo amachokera mu bokosi lalitali la zipinda zitatu. Chipinda cha uku amamangamo mwamuna wake wa mbewa yoyezedwayo ndi kalamba ka pakhosi, kuti azitha kuzungulira koma asatuluke. Chipinda cha uko amamangamo yaimuna yachilendo. Yaikazi amaiika pakati, yomasuka, kwa maola atatu. Chowerengedwa ndi mphindi zimene yakhala phee, itagundana ndi iyi kapena iyo. Makamera asanabwere, wowerenga anali a Utuchi, pa kampando, wotchi yodina ili m'manja, osatsokomola. Banja lolimba limadutsa ola lathunthu. Yachilendo imapeza mphindi zowerengeka, mwina ndi mabala omwe.

Chaka chatha a Dokotala anayamba ntchito ina. Ankalowetsa kachingwe kopyapyala m'mutu mwa mbewa, ndipo pa kompyuta pankaoneka mzere. Mbewa ikatsegulira mnzake chitseko, mzerewo unkalumpha: dopamini. Kenako ankazilekanitsa. Wonyamula zaimuna kupita nazo chipinda china, n'kulemba tsiku pa bokosi, anali a Utuchi. Pakatha masabata anayi ankazibweza. Anaona ndi maso awo za mu bokosi 14, banja limene analera okha kuyambira lili tiana tofiira. Yaikazi inanunkhiza mwamuna wake, inamudziwa, sinamulume. Koma mzere uja unangogwedezeka pang'ono, ngati yakumana ndi wodutsa m'njira.

"Ubongo wafufuta," anatero a Dokotala, akulemba. "N'kwabwino kwa iyo. Itha kuyambiranso ndi ina."

A Utuchi anasintha magolovesi n'kupita pa bokosi 15. Nkhaniyo sinawakhudze mpaka tsiku limene foni inalira kunyumba.

Mwana wawo anakwatiwa kumzinda wina, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Anabereka mapasa, mwa opaleshoni. Mkamwini amagwira ntchito yoyenda. Mayi, akazi a a Utuchi, atatsitsa foni anangonena kuti, "Ndikupita Loweruka la sabata yamawa."

"Mukakhala masiku angati?"

"Mpaka ana akhwime makosi."

"Khosi limakhwima masiku angati?"

"Wanu uja munalipo akukula. Simukukumbuka?"

Sanakumbuke. Nthawi imeneyo kuntchito kunagwa matenda a pakhungu, ndipo chimene amakumbuka bwino ndi chiwerengero cha mbewa zimene zinafa.

M'mawa mwake anapeza mayi atagwada pansi pa tebulo losokera ndi sikuludiraiva, akumasula mutu wa makina. Anaukulunga m'bulangete n'kuumanga ndi chingwe. Zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati, makina amenewo anali asanatulukepo pakhomo. Mayi anapitapo kumaliro, anagonapo kuchipatala, koma makina ankatsala, ndipo munthu ukaona makina unkadziwa kuti mwini wake abwera. A Utuchi anaima pakhomo ndi chikwama chawo, anayang'ana mabowo anayi amene anatsala pa tebulo, n'kupita kuntchito.

Tsiku lomwelo a Dokotala anawapatsa pepala. Nthawi yawo yopuma pa ntchito inali kumapeto kwa mwezi wotsatira, koma a Dokotala anawapemphera zaka zina ziwiri. Chinangotsala n'kusaina, pasanathe Lachisanu la sabata yamawa. Masiku ena akanasainira pomwepo, chiimire. Ulendo uno analipinda n'kuliika m'thumba.

Kuyambira pamenepo mtima sunakhale m'malo. Anathira madzi kawiri pa shelefu imodzi n'kudumpha ina. Pa bokosi 14 ankaima nthawi yaitali, dzanja lili pa chivundikiro. M'minibasi ankawerenga pa zala: khosi la mwana, miyezi itatu kapena inayi, masabata khumi ndi awiri, mwina khumi ndi asanu ndi limodzi. Masabata anayi aja amalowamo kanayi. Kufunsa mayi kuti kodi mubwera, sakanatha; pakamwa pawo sipanazolowere mafunso otere. Chimene ankadziwa n'kuyeza. Anatsegula dirowa ya kuntchito n'kutulutsa wotchi yodina ija, ndi fomu imodzi yolembapo mphindi.

Nyumba yawo ndi yoyalana ngati bokosi lomwe lija: pabalaza kumaso, khitchini pakati, khonde kuseri. Lamlungu lililonse masana alamu amabwera kudzadya, n'kukhala pakhonde ndi wailesi ya munthu wina yomasulamasula. A Utuchi atabwerako kodyetsa mbewa anaona kuti zonse zili m'malo. Anakhala pa sofa pabalaza, fomu pansi pa nyuzipepala, wotchi m'dzanja. Womangidwa sayenda, ndipo saitana. Nthawi itakwana 2 koloko, mayi ali kukhitchini, anadina.

Mphindi makumi awiri, kunali zii. Kenako kuseka kwa mayi kunamveka kukhonde. Analemba. Mayi analowa pabalaza, koma anangotukula makushoni kufuna sizasi. Mphindi zinayi, osakhala pansi. Anatuluka. Anabweranso ndi tiyi, anamuika pa tebulo, anawayang'ana.

"Muli bwino, bambo?"

Anagwedeza mutu.

"Nanga mwangoti duu bwanji?"

"Palibe."

Mayi anakhala m'mphepete mwa sofa, mkono umodzi kutalika kwake. Sipanali kugundana, koma a Utuchi anadinabe, mwachifundo. Mphindi zitatu. Alamu anakuwa kuti shuga ali kuti, mayi ananyamuka.

Chakumapeto alamu anasuzumira pakhomo la pabalaza, sikuludiraiva ili kukhutu.

"Alamu, mwakhala ngati chithunzi cha pa chiphaso. Mukudikira ndani, wojambula?"

A Utuchi maso anangokhala pa nyuzipepala.

"Achemwali, bwerani mudzaone. Amuna anu atha mabatire. Ndiwatsegule kumbuyo?"

"Asiyeni, atopa," anatero mayi ali kukhitchini, koma mawu awo sanali oseka.

5 koloko itakwana anawonkhetsa. Pabalaza, mphindi khumi ndi imodzi, zinayi mwa izo za sizasi. Kukhonde, mphindi makumi asanu ndi ziwiri. Zotsalazo pakati. Kugundana, palibe. Pa zaka zawo zonse anaonapo manambala otere pa shelefu ya alamu yokha.

Anabwereza Lolemba ndi Lachiwiri atabwera kuntchito, ola limodzi limodzi, popeza munthu sugamula ndi muyeso umodzi. Kunalibe ngakhale wachilendo masiku amenewo. Mayi anasankha sutikesi.

Lachitatu anapita nayo fomu kwa a Dokotala, amene anali pa kompyuta akudya nthochi.

"A Dokotala, taonani manambala awa. Ndi a banja lina lakale."

A Dokotala anayang'ana. "Apa palibe banja. Bokosi liti limeneli?"

"Lakale."

"Yachilendo yapeza mphindi 52? Mwina munazisokoneza pomanga." Anatsitsa maso m'munsi mwa pepala, n'kusiya kutafuna. "Bambo Utuchi, mbewa yake iti imene imafuna sizasi?"

A Utuchi anayang'ana kudenga.

"Wachilendoyu ndani?"

"Alamu anga. Mchimwene wawo."

"Ndiye mwayeza chiyani? Mwaika mlongo wake, amene anakulira naye limodzi, n'kumutcha wachilendo. Wophunzira atandibweretsera zimenezi ndingamubweze." Anapukuta m'manja. Sanaseke, ngakhale milomo inkafuna. A Utuchi anafotokoza mwachidule za mapasa, za makina, ndi za masabata anayi.

"Tamverani, bambo. Mbewa iyi kutchire sikwanitsa n'komwe zaka ziwiri. Masabata anayi kwa iyo ndi zaka zambirimbiri kwa inu. Ndipo munthu si mbewa. Timadzi tomweto tilimo mwa ife, inde, koma munthu ali ndi foni, ali ndi chikumbukiro, ali ndi pakamwa. Inu pakamwa muli napo?"

"Ndili napo."

"Kagwiritseni ntchito. Ndipo pepala langa lija ndikulifuna Lachisanu."

Anatuluka osatonthozedwa. A Dokotala ankadziwa ubongo, koma mabowo anayi a pa tebulo sanawaone.

Lachinayi mayi anachapa zovala zonse za bambo, kuti asiye zoyera. Pokutumula utuchi m'thalauza, mapepala awiri anagwa. A Utuchi atafika madzulo dzuwa lisanalowe, anawapeza mapepalawo atayalidwa pa tebulo losokera, lililonse lapsinjidwa ndi kapu.

"Bambo, khalani pansi."

Anakhala.

"'Yaikazi' yalembedwa apayi ndi ndani?"

"Ndi mmene fomuyo imalembedwera."

"Sindinafunse za fomu."

"Ndi inu."

"Eya. 'Yomangidwa' ndi inu. Ndiye achimwene anga ndi 'yachilendo'." Mayi anaomba m'manja kamodzi. "Ine sabata yonse mtima uli m'mwamba. Ndinauza mwana pa foni kuti bambo ako angokhala duu, maso ali pa ine, dzanja lili pansi pa nyuzipepala, mwina magazi akwera. Ndinatsala pang'ono kukuitanirani galimoto. Osadziwa kuti ndasanduka mbewa m'nyumba mwanga momwe."

"Sizili choncho."

"Zili bwanji? Fotokozani. Zaka makumi atatu ndikuchapa utuchi, sindinamvepo kuti mumachita chiyani kumeneko."

Anafotokoza. Poyamba mawu ankatuluka ngati akukokedwa ndi chingwe, koma atafika pa ntchito anamasuka: zipinda zitatu, kalamba ka pakhosi, timadzi ta mu ubongo, mzere wolumpha, bokosi 14. Anajambula bokosilo ndi choko chosokera pa tebulo. Mayi anamvetsera manja atapinda. Aka kanali koyamba kumva amuna awo akulankhula mphindi khumi osaima.

"Masabata anayi," anatero mayi pomaliza.

"Anayi."

"Ndiye mumaopa kuti ndikafufuta."

A Utuchi anayang'ana mabowo a pa tebulo. "Makina mwamasula."

"Ndamasula. Makasitomala ndikawapeza komweko. Mumafuna ndikangokhala manja lende?" Anakokera fomu ija pafupi n'kuloza ndi chala. "Ndifunse. Nthawi zonse amamanga yaimuna?"

"Ayi. Tikafuna kuyeza yaimuna timamanga yaikazi."

"Ndiye munayeza mbali imodzi."

Mayi anagogoda fomu ija ndi chala.

"Tiyeni tiyeze inayo. Womangidwa m'nyumba muno ndani? Ine. Pa mpando uwu, phazi pa chopondera, kuyambira muli ndi tsitsi. Womasuka ndi inu. Chipinda cha uku muli ine, chipinda cha uko muli mbewa zanu. Tengani choko. Ndinu katswiri wa manambala."

A Utuchi pa manambala sanama. Akanatha kunena kuti ntchito ndi ntchito, koma choko chinali kale m'dzanja. Amachoka pakhomo hafu pasiti faifi, amabwera 6 koloko. Masiku asanu ndi limodzi, kuphatikiza Lamlungu m'mawa. Anachotsera maola a m'minibasi, popeza amenewo ndi chipinda chapakati. Kwa mbewa kunatsala maola oposa makumi asanu ndi limodzi pa sabata. Kenako mbali ya mayi. Kudya sikuwerengedwa, kugona tulo sikuwerengedwa, lamulo lake ndi kukhala phee chogundana, uli maso. Choko chinaima m'malere.

"Lembani," anatero mayi.

Analemba kamzere kopingasa, mmene amalembera bokosi likakhala lopanda kanthu.

"Tchuthi chanu chomaliza munatenga liti?"

"Kunalibe wosiyira."

"Tsiku la ukwati wa mwana wanu munafika nthawi yanji?"

"Botolo la pa shelefu yachitatu linkadontha."

"Linkadontha." Mayi anatenga pepala lachiwiri lija, la zaka ziwiri. "Ndipo ili ndalipeza m'thalauza, ngati mmene ndimapezera chilichonse. Mukanandiuza liti? Mutasaina?"

"Sindinasaine."

"Sainani, ine sindikuletsani. Koma musandifunse tsiku lobwera, chifukwa sindikulidziwa. Kumeneko kuli ana awiri olira akandisowa. Kuno ndibwerere chiyani, kudzagula sopo wopanda fungo? Ameneyo achimwene angakugulireni." Ananyamuka n'kufufuta choko ndi chikhatho. "Mphindi zitatu zija ndinakhala pa sofa, ndimadikira kuti munene kanthu. Inu muli kalikiliki kudina wotchi."

Lachisanu a Utuchi anayamba ndi mashelefu monga mwa masiku onse, bokosi ndi bokosi, magolovesi ndi magolovesi. Anatenga nthawi yaitali kuposa kale. Kenako anagogoda kwa a Dokotala n'kuika pepala pa desiki, losasaina.

"Mwaiwala kusaina."

"Sindinaiwale."

A Dokotala anavula magalasi. Anayesa zonse. Anati palibe wina wodziwa mbewa yodwala poiona kagonedwe. Anati akafuna azigwira masiku anayi okha pa sabata. A Utuchi anangoima, manja kumbuyo. Pomaliza a Dokotala anati, "Chabwino. Koma amene adzalowe m'malo mwanu, mayi wa ku khola la akalulu uja, afunika masabata asanu ndi limodzi kuti mumuphunzitse. Tsiku lanu likakwana muwonjezere awiri okha."

"Mayi akunyamuka mawa. Akanyamuka, tsiku langa lopuma likwana patatha masiku 26. La 27 ndili m'basi."

"Masabata awiri okha, bambo."

"Akwana asanu ndi limodzi. Munanena nokha kuti anayi."

"Ndinanena za mbewa!"

"Ndakhala nazo zaka makumi atatu, a Dokotala. Amene akudziwa kuti ndatengera zingati ndani?"

A Dokotala anavalanso magalasi. Munthu sukangana ndi nambala yako yomwe.

Loweruka anapempha kuchedwa, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kunyamula mutu wa makina paphewa mpaka kudepoti. Unali wolemera kuposa mmene ankaganizira. Alamu ananyamula sutikesi yaing'ono, akulankhula njira yonse.

"Musadandaule, alamu. Kukhala wekha n'kophweka. Mbale imodzi, supuni imodzi, palibe wokufunsa kuti unali kuti."

"Inu mwazolowera."

"Katatu konse. Ndikuphunzitsani kwaulere."

Mayi atakhala pa mpando wa pazenera, a Utuchi anayandikira. "Sindinasaine. Ndibwera pa 27."

"Pa 27 mwezi uno?"

"Tsiku la 27 kuchokera lero."

Mayi anawayang'ana, anawerenga mumtima, n'kuzindikira kuti latsala limodzi kuti akwane masabata anayi. "Inu bambo inu," anatero, n'kupukusa mutu. "Mukabwere ndi mafuta a makina, ndawaiwala pa zenera."

Masiku 26 amenewo a Utuchi sanakhazikike. Mayi wa ku akalulu anamuphunzitsa ngati akuthamangitsidwa, ndipo anamubweza katatu tsiku limodzi chifukwa cha mafuta odzola. Analemba malangizo n'kumata pa shelefu iliyonse, mpaka a Dokotala anati chipindacho chayamba kuoneka ngati positi ofesi. Kunyumba ankayenda kuchoka pabalaza kupita kukhonde n'kubwerera, osapeza pokhala. Foni ankaimba madzulo aliwonse. Ankafunsa za makosi, mayi ankayankha, kenako onse awiri ankangomva kupuma kwa mnzake mpaka mwana wina alire. Kawiri konse anatenga pepala la zaka ziwiri lija m'maganizo n'kulisaina. Kukacha ankachotsa tsiku limodzi pa kalendala.

Tsiku lomaliza anapukuta wotchi yodina n'kuibwezera mu dirowa. Pa bokosi 14 yaikazi ija inali itapatsidwa yaimuna ina, ndipo zinali gundanegundane pakona, tiana tisanu pansi pa mimba. Anathira utuchi wouma, anavula magolovesi, anatuluka.

Basi inafika madzulo. Mkamwini anawatenga padepoti. Chitseko anatsegula ndi mayi, mwana ali paphewa, wina akulira m'kati. A Utuchi anayang'ana nkhope yawo kufuna chizindikiro, koma nkhope ya munthu ilibe mzere.

"Mwafika? Mafuta aja mwabwera nawo?"

"Ndabwera nawo."

"Kasambeni m'manja mugwire uyu."

Kubafa kunali sopo mmodzi yekha, wonunkhira. Anaima naye m'dzanja kanthawi, kenako anasambira. Anayetsemula kawiri.

Atakhala pa sofa ndi mdzukulu, mayi anabwera ndi winayo ndi botolo la mkaka. Sofa ya mkamwini ndi yaing'ono, ndipo theka lake linali lodzaza ndi zochapa. Mayi anadzipanikiza pambali pawo, phewa kuphewa. Chala chachikulu cha a Utuchi chinadina chokha pa bulangete la mwana.

"Mukufuna chiyani?"

"Palibe."

"Sunthani pang'ono, mwakhalira thewera."

Sanadziwe ngati kumeneko kunali kusankha kapena kuchepa kwa sofa. Muyeso wotere a Dokotala akanaubweza.

Papita miyezi iwiri tsopano. A Utuchi amadzukabe 5 koloko, amatsuka mabotolo a mkaka n'kuwayala pamzere, ndipo amasamba m'manja akachoka pa mwana uyu kupita pa uyo. Aimbako foni kuntchito kanayi kufunsa za bokosi 14, ndipo ulendo wachinayi mayi wa ku akalulu sanayankhe. Makina ali pa tebulo la mkamwini, nyumba yawo akugonamo alamu. Makosi a mapasa anakhwima sabata yatha. Za tsiku lobwerera palibe amene watchula.